Chinthembwe cha Amalume a Mulepa

Loweruka lapitali tinali kumanda, kukavundukula chiliza cha amalume anga a Fabiano Mulepa, poti chaka chakwana chitisiyireni. Ana awo anabwera ndi nkhata za maluwa a pulasitiki, ofiira ndi oyera, ogula m'sitolo za ku Limbe. Ine nditaziona nkhatazo ndinangogwira pakamwa. Amalume ankadana ndi duwa la pulasitiki kuposa wakuba. Ankati wakuba bola, ungathe kumufunsa kwawo.

Limenelo ndilo linali funso lawo pa chilichonse. Mlendo akafika pakhomo, asanamve n'komwe dzina, ankayamba afunsa mudzi, mtsinje ndi phiri loyandikira. Anyamata amene ankandifuna anavutika nalo funsoli. Wina anayankha kuti kwawo ndi ku Ndirande, amalume n'kumuuza kuti ku Ndirande n'kogona chabe, akafunse bwino amayi ake. Iwo eni bambo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, kudzathyola tiyi ku Thyolo, ndipo dzina la mudzi umene anachokera linapita nawo kumanda. Nkhani imeneyo amalume sankaifuna. Ikangoyambika, ankadzuka n'kupita panja kukaona zitini zawo.

Anali mphunzitsi wa sayansi ku sekondale mpaka anapuma, ndipo nyumba yawo ili ku Chinyonga, pamtunda pang'ono. Bwalo lonse linali zitini. Za penti, za mafuta ophikira, zigubu zodula pakati, mabeseni obooka, ngakhale poto wa akazi awo, azakhali a Esitere, amene anangosowa tsiku lina n'kudzapezeka atamera. M'menemo munali zomera zija zimasunga madzi m'masamba: nkhadze za mitundumitundu, tina tonenepa ngati zala za khanda, koma makamaka chinthembwe, chimene masiku ano aliyense amangoti alovera. Mawu amenewo ankawapweteka mutu. Ankati kutchula chinthembwe chilichonse kuti alovera kuli ngati kutchula mkazi aliyense wa mu Blantyre kuti Mariya.

Zitinizo sizinkaikidwa chiikeike ayi. Bwalolo linali mapu. Pafupi ndi mpopi panali ku Mulanje. Kutsinde kwa mpanda kunali Michiru ndi Ndirande, cha kuchimbudzi kunali Soche, ndipo chomera chilichonse chinkakhala mbali imene anachitenga. Pakati penipeni panali malo osesedwa bwino, opanda kanthu: imeneyo inali nyanja ya Chilwa. M'nyanjamo munali milu iwiri ya miyala. Waukulu unali chilumba cha Chisi, waung'ono unali kachilumba kena ka matanthwe kamene kankadziwika ndi asodzi okha. Ukadutsa pamenepo mofupikitsa njira, umangomva mawu kuchokera pakhonde akuti wamira, ubwerere. Ine ndinamira kambirimbiri.

Sankalemba kanthu pa zitinizo. Anayesapo kale timapepala, chiswe n'kudya. Anayesa penti, koma chitini chikaola ndi dzimbiri n'kusintha, zolembazo zimapita nacho kudzala. Masamba amene anayesa kuumitsa m'manyuzi anangochita nkhungu, paja chinthembwe sichiuma msanga. Ndiye anangotsimikiza kuti malo ndiwo sachita dzimbiri. Mapu onsewo anali m'mitu iwiri yokha, wawo ndi wa azakhali.

Pa mulu waung'ono uja ndi pamene panali mtima wawo. Atangokwatirana kumene, m'malo mopita ndi mkazi wawo kokasangalala ngati anthu, anamukweza bwato pa Chilwa kukafuna zomera. Pa kachilumba kaja, pa thanthwe loyang'ana kum'mawa, anapeza chinthembwe chimene anali asanachionepo: masamba opindika ngati chikwakwa, minga ing'onoing'ono yofiira yothithikana, duwa lachikasu lobiriwira kukamwa, lolendewera pansi m'malo moima chilili. Anazula timphukira tingapo, azakhali n'kutinyamula m'dengu lawo pobwerera, uku akusanza m'bwato, uku akutukwana tsiku limene anavomera mphunzitsi. Kuyambira pamenepo amalume anakhulupirira kuti chomera chimenecho sichinalembedwe m'buku lililonse padziko lapansi. Chimene ankafuna asanafe chinali chimodzi: akatswiri achivomereze kuti ndi mtundu wawokha, chipatsidwe dzina la Chilatini, ndipo m'dzinamo mukhale Esitere.

Azakhali ankachita nazo chipongwe zimenezi.

"Anzanga amuna awo akuwagulira zitenje. Ine akuti anditchule chomera cha minga, chowawa. Filo, ukuwamva amalume akowa?"

Amalume ankayankha osadzutsa n'komwe mutu kuti akungotsata zimene maso akuona, ndipo zikatere ndewu ya pakamwa yayamba. Ankakanganirana chilichonse: malo oyanika zovala, nsalu zong'ambika ndi minga, mbale zoyera zimene amalume ankadonthezerapo utomoni n'kudikira kuti uume aone ngati usanduka wachikasu kapena wofiirira. Koma ndinawapezapo azakhali, amalume ali ku tauni, akukalipira munthu wogulitsa makala amene anasuntha chitini chimodzi kuti njinga yake idutse. Anamuuza kuti chimenecho n'cha ku Chisi, achibwezere pomwe wachipeza, pano si pa msika.

Mmene amalume ankagwirira ntchito yawo ndinkachita kutopa ine woonerera. Ankagwada pa thumba, galasi lokulitsa zinthu lili pakhosi, rula ili m'manja, n'kumayeza mpata wa pakati pa minga, kutembenuza tsamba kuti aone mawanga a kunsi, kusuzumira m'kamwa mwa duwa. Utomoni ankaulawa ndithu, nkhope n'kuchita tsinya, kenako n'kugwedeza mutu ngati alawa ndiwo. Ankati chomera sichinama kwa munthu wodekha, ndipo ankakonda kunena kuti diso limene laona chinthu chimodzi kwa moyo wonse siligonjera makina.

Amene anawatsutsa pa mfundo imeneyi anali mayi Thokozani, amene anali wophunzira wawo ku sekondale, n'kupitiriza maphunziro mpaka kunja, tsopano dokotala wa za zomera, wokhala ku Nyambadwe. Anabwera masana ena atamva mbiri ya bwalolo, ndipo atafika pa mulu waung'ono ananyonyomala n'kuyang'anitsitsa zomerazo. Kenako anawauza amalume kuti masiku ano maonekedwe okha sakwanira. Chomera cha pa thanthwe la pa chilumba chikhoza kupindika masamba chifukwa cha mphepo ndi ludzu basi, chili chomwecho cha kumtunda; komanso Chilwa imauma nthawi zina, zilumba n'kulumikizana ndi mtunda. Anapempha kuti adule tinsonga ta masamba akayeze DNA, monga mmene amayezera mwana pofuna kudziwa bambo ake.

Abale inu, amalume anapsa mtima! Anati iwo sanasunge zomera zaka zonsezi kuti azikaziimika pa khoti ngati ana a m'chigololo. Mayi Thokozani, poti amawadziwa, ankangoseka n'kubweranso mwezi wotsatira ndi mabanzi. Ankakangana pakhonde mpaka tiyi kuzizira, wina akuti minga, wina akuti chibadwa cha mkati. Zinatenga nthawi yaitali kuti amalume afewe, ndipo ngakhale pofewapo anaika lamulo: adzadule m'nyengo yozizira, chinthembwe chikachita maluwa, kuti ayambe waona ndi maso ake ngati munthu wophunzira, kenako makinawo adzangochitira umboni. Mayi Thokozani anachonderera kuti adule tsiku lomwelo, poti tsamba ndi tsamba, duwa likhalepo kapena ayi. Amalume anakana. Mpaka lero ndikakumbukira kukana kumeneko mtima umandiwawa.

Azakhali anamwalira dzinja lomwelo, mwadzidzidzi. Anagwa akuchapa, ndipo pofika ku chipatala n'kuti zitatha kale.

M'mawa mwake amuna a mphakati wa ku tchalitchi kwathu anafika kudzakonza malo. Kumwamba kunali kutada bii, anthu anali atayamba kale kudzaza msewu, ndipo tenti ndi mabenchi zinkafunika poti zikhale. Nanga ku Chinyonga malo ungawapeze kuti? Tcheyamani wa mphakati, a Kamwendo, munthu wabwino ndithu amene sindingamunenere choipa, anayang'ana bwalolo n'kulamula kuti zitini zonse zipite kumpanda. Amunawo anandandalika mzere n'kumapatsirana zitini ngati njerwa, uku akuyimba nyimbo ya maliro chapansipansi.

Amalume anali pa mphasa m'nyumba ya siwa, pafupi ndi zenera, atazunguliridwa ndi abale a azakhali amene anafika m'bandakucha kuchokera kumudzi. Ine ndinali mbali ya amayi, ndipo ndinawaona akutembenuka atamva kulira kwa zitini. Anayang'ana panja. Anagwira khoma, n'kuyamba kudzuka. Pamenepo mchimwene wawo wamkulu wa azakhali anawagwira bondo n'kunena, osati mokweza, koma tonse tinamva:

"Khalani pansi, alamu. Lero lokha mulireko munthu."

Amalume anakhala pansi. Akanatani? Namfedwa sadzuka pa siwa kukalondera katundu. Ndipo ankadziwa zimene akuchikazi akhala akunena zaka zonsezi, zoti mwana wawo anakwatiwa mitala ndi maluwa. Akanangotuluka n'kufuula za zitini, mtembo wa mkazi wawo usanafike n'komwe pakhomo, nkhani imeneyo ikanawatsata mpaka kumanda. Ndiye anangokhala, maso ali pazenera, akuonerera Mulanje akusanjikidwa pa Soche.

Ine ndinathamanga panja kukawauza a Kamwendo kuti zitinizo zili ndi malo ake. Anandiyang'ana mwachifundo.

"Mayi, nanga anthuwa akhala pati? Mvula ndi iyi. Musadandaule, palibe chimene chisowe, tiziika bwinobwino."

Ndipo anaziikadi bwinobwino, mwaulemu, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Zina zinali zoola kunsi, zinangobooka m'manja, zomera zake n'kuunjikidwa pamodzi pakona. Miyala ya zilumba ija amayi ophika anaitola kukachita mafuwa. Munthu yekhayo amene akanatuluka ndi chitenje m'chiuno n'kuwabalalitsa onsewo, popanda womudzudzula, anali m'nyumba ya chisoni ku chipatala. Potsanzikana maliro atatha, amayi ambiri anathyolako masamba ndi timphukira, ati alovera ndi mankhwala a zilonda ndi m'mimba, ndipo ena anathokoza kumene.

Anthu atabalalika, amalume anayamba kubwezera. Anatola miyala yakuda ndi mwaye ija n'kuiunjikanso pakati pa bwalo. Miyezi yonse yotsatira anali chogwada, galasi pakhosi, akunyamula chitini kupita nacho ku Michiru, mawa lake n'kuchibweza. Vuto linali lakuti zomerazo, zitakhala zaka zambiri pa mthunzi umodzi, zikumwa madzi a mpopi umodzi, zinali zitayamba kufanana. Masamba opindika aja anali atawongoka, mawanga atazilala. Maso awonso anali atayamba ng'ala, ngakhale sankavomera. Nyengo yozizira itafika, zambiri sizinachite maluwa chifukwa cha kusunthidwa kuja. Komabe tsiku lina anandiitana n'kundionetsa mulu waung'ono utadzazanso, n'kunena kuti mwana wako sungamusowe ngakhale m'chigulu. Ndinangovomera.

Mayi Thokozani anadula tinsonga pa chinthembwe chilichonse chimene chinatsala, n'kumata nambala pa chitini chilichonse, amalume osatsutsanso. Zotsatira zinachedwa kwambiri. Tsiku limene anabwera nazo ndinalipo, ndipo nditangoona mmene ankatsekera chitseko cha galimoto ndinadziwa kuti sizili bwino. Anakhala pakhonde n'kutsegula kompyuta, n'kuwaonetsa chithunzi chonga mtengo wa nthambi zambiri, chosonyeza chomera chiti n'chachibale ndi chiti.

"Chilipo, aphunzitsi," anatero. "Pali kagulu aka kamene sikakufanana ndi chinthembwe chilichonse chimene chinayezedwapo. Munkanena zoona."

Nkhope ya amalume inawala koyamba chimwalirireni azakhali. Ndikanakonda mayiyo akanalekera pomwepo.

Koma anapitiriza, poti anaphunzitsidwa ndi iwo omwe kusabisa zotsatira. Zomera za kagulu kapaderako zinapezeka zitamwazikana: china chinalidi pa mulu waung'ono, zina amalume anaziika ku Mulanje, china cha kuchimbudzi. Ndipo zambiri zimene anaziika pa chilumba, zimene analumbira kuti ndi zomwezo ananyamula azakhali m'dengu, zinali chinthembwe wamba cha m'phiri la Ndirande. Zina zinali zosakanizika, zobadwira pabwalo pomwepo, chifukwa timbalame tija timamwa m'maluwa sitidziwa mapu a munthu. Kuti chomera chipatsidwe dzina, anafotokoza mayi Thokozani, pamafunika kunena motsimikiza kumene chimamera chokha kutchire, kuti wina akathe kupita kukachiona. Pamene zinthu zinalipa, palibe akanatsimikiza ngati chapaderacho chinachokera pa chilumba, ku Mulanje, kapena kwina.

Anayesa kuwapeputsira. Anati akhoza kulemba kuti malinga ndi umboni wa a Mulepa, chomeracho chinatengedwa pa kachilumba ka pa Chilwa, mwina akuluakulu oona zolembazo angavomere. Amalume anayang'ana mulu uja.

"Umboni wa ndani? Wa ine amene ndaika cha ku Ndirande pakati pa nyanja? Ayi, mwana wanga. Dzina la mkazi wanga lisakhale pa chinthu chongoganizira."

Panatsala njira imodzi, yoti akachipezenso pa thanthwe paja. Amalume miyendo inali itayamba kukana, ndiye mayi Thokozani anapita okha, amalume atawalongosolera bwino mbali yake. Anabwerako ndi zithunzi pa foni. Nthawi imene nyanja inauma anthu anafikako wapansi ndi mbuzi, ena anaswa miyala, ndipo madzi atabwerera asodzi anamangapo misasa n'kutentha chilichonse choyaka powamba nsomba. Thanthwe loyang'ana kum'mawa linalipo, lakuda, lopanda ngakhale udzu. Amalume anayang'ana chithunzi chimodzi chokha n'kubweza foniyo, n'kuthokoza chifukwa cha ulendowo.

Kuchokera tsiku limenelo anali munthu wina. Sanadwale matenda oti n'kuwatchula dzina, anangoleka. Galasi lija analipachika pa msomali. Mlendo akabwera ankangomupatsa moni ngati wina aliyense. Ndinkapita Lamlungu lililonse ndikaweruka ku tchalitchi, n'kumayesa kuwaputa kuti tikangane ngati kale, koma ankangovomera chilichonse, ndipo palibe chimene chinkandiopsa ngati chimenecho. Tsiku lina mayi woyandikana nawo anadzapempha tsamba la mankhwala, n'kufunsa kuti athyole pati. Amalume, ali chikhalire pampando, anamuuza kuti athyole paliponse, zonsezo ndi alovera. Ine ndinalowa m'bafa n'kukalira ngati mwana.

Sindidziwa kuti ndikwiyire ndani, ndipo n'chimene chimandisowetsa mtendere. A Kamwendo anachita zimene mphakati umachita pa maliro alionse. Alamu awo aja ankalira mlongo wawo. Mayi Thokozani ananena zoona, amalume nawo anakana bodza. Aliyense anachita zoyenera, koma ntchito ya moyo wonse wa munthu inathera m'mawa umodzi.

Amalume atamwalira, mayi Thokozani anadzatenga zomera za kagulu kapadera kaja. Akuzisamalira ku ntchito kwawo, ndipo akuti zikukula bwino. Zilibe dzina, zili ndi nambala yokha ngati akaidi. Zotsalazo ana anawapatsa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Limbe, poti nyumba inkafunika kuikamo alendi.

Titachoka kumanda Loweruka lija, ine ndinatsika minibasi pa Chinyonga m'malo mopita kwathu. M'nyumba ya amalume muja mukukhala banja lachinyamata, ndipo mayi wa pakhomopo anandilola kulowa nditadzifotokoza. Sindinkadziwa kuti bwalolo ndi lalikulu chonchija. Palibe chitini ngakhale chimodzi. Mbali ina athirapo simenti poimika galimoto, pali banga la oyilo. Kumpanda kwatsala timizere tozungulira ta dzimbiri pamene zitini zinakhalitsa. Pakona pali mulu wa dothi limene anyamata aja anakhuthula kuti katundu apepuke, ndipo mayiyo anandiuza kuti dothi limenelo limamudabwitsa: muli lofiira, lakuda, la mchenga woyera, lina la timiyala tonyezimira. Ndi pamene ndinazindikira kuti amalume ankabwera ndi chomera chilichonse pamodzi ndi dothi la kwawo. Mvula ikagwa, muluwo umasungunuka pang'onopang'ono, matope ake n'kudutsa pansi pa geti kukalowa mu ngalande.

Mayiyo anaima ndi tsache m'manja n'kundifunsa kuti kodi bambo ankakhala panowo ankagwira ntchito yanji. Ndinangoti ankadzala maluwa. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kusesa.